Tsitsani chiwongolero pang'onopang'ono, musathamangire kudula foloko

Achimwene, mwafunsa ngati mungatsitse chiwongolero mpaka pansi kuti njinga yanu izioneka ngati ya ampikisano. N'zotheka ndithu, koma ine ndinatsitsa yanga mamilimita 30 tsiku limodzi, ndipo nditangopalasa makilomita 40 khosi linauma gwa, zala zikuchita dzanzi.

Chotsani spacer (kamphete kokwezera chiwongolero) imodzi yokha ya mamilimita 5 pansi pa stem (kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi foloko), muiike pamwamba pake. Pomanganso, yambani ndi bawuti ya pakapu yapamwamba, mungoikhwimitsa mpaka kugwedera kuthe. Kenako wongolani chiwongolero kuti chilunjikane ndi tayala, n'kumanga mabawuti am'mbali. Mphamvu yomangira mabawutiwa imalembedwa pa stem pomwepo, kawirikawiri 5 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvuyo). Pa foloko ya carbon musapyole pamenepo, imang'aluka. Mukatha, gwirani buleki yakutsogolo, mukankhe njinga uku ndi uku. Ikamagogoda, bwerezani.

Stem ya madigiri 6 yoloza m'mwamba mutha kuitembenuza, koma imatsitsa kwambiri nthawi imodzi.

Kamtunda ka ma spacer pamwamba kamanyansadi, ndikudziwa. Kapirireni milungu itatu msana uzolowere musanadule nsonga ya foloko yotsala pamwambayo, chifukwa foloko mukaidula simungailumikizenso.