Mafunso Anu: Nyimbo za ku Bulgaria ndi za Aromani Zimaphunzitsidwa Motani?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa nyimbo pa sekondale ina ndipo ndimatsogoleranso kwaya. Ndinamvera pa intaneti gulu la ku Bulgaria likuimba, koma nditayesa kuomba m'manja motsatira ng'oma ndinkangosochera. Kodi nyimbo zawo zimayenda bwanji, nanga amaphunzitsana motani kuti gulu lonse lisamaphonye? Mphunzitsi, Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, kusochera kwanuko n'komveka, chifukwa nyimbo zambiri za kwaya zimagunda mofanana, kawiri, katatu kapena kanayi, pomwe magule ambiri a ku Bulgaria amasakaniza kugunda kwakufupi ndi kwakutali m'chigawo chimodzi. Gule wa rachenitsa amawerengedwa 2+2+3, kutanthauza kuti wovina amaponda kawiri mwachangu, kachitatu n'kuchedwerapo pang'ono. Paidushko ndi 2+3, daychovo ndi 2+2+2+3, ndipo kopanitsa, yomwe imasokoneza alendo ambiri, ndi 2+2+3+2+2, kugunda kwakutali kuli pakati. Katswiri wa nyimbo wa ku Hungary, Béla Bartók, anachita nako chidwi kayendedwe kameneka mpaka anakalowetsa m'nyimbo zimene ankapeka.

Langizo langa n'lakuti musayambire pa manambalawa. Nyimbozi zinabadwira m'gule wa horo, yemwe anthu amavina atagwirana manja mumzere kapena mozungulira, choncho ophunzira ayambe aponda ndi mapazi, akunena pakamwa kuti kufupi, kufupi, kutali, mpaka thupi litazolowera, ndipo chida achigwire pambuyo pake. Woyamba kukhazikika akhale wa ng'oma. Ng'oma yawo yaikulu, tupan, imaimbidwa mbali zonse ziwiri, kwina ndi ndodo yonenepa, kwina ndi kamtengo kowonda, moti ndodo yonenepayo ndi imene imauza gulu lonse poyambira chigawo chilichonse.

Zida zina zachikhalidwe ndi kaval, chitoliro chachitali chamtengo chimene abusa a ziweto ankaliza. Gaida, thumba la chikopa cha mbuzi lokhala ndi zitoliro. Gadulka, yomwe imakwechedwa ndi uta ndipo ili ndi nsambo zina zapansi zongolira zokha potsatira zinzake. Ndi tambura ya khosi lalitali. Kumudzi kalelo woimba ankaimba yekha kapena ndi mnzake mmodzi. Kusonkhanitsa zida zonsezi m'gulu lalikulu kunakula m'zaka za m'ma 1900, makamaka Filip Kutev atakhazikitsa gulu la boma la nyimbo ndi magule mu 1951, n'kuyamba kusanja nyimbo za kumudzi m'mawu angapo ngati a kwaya. Kenaka boma linatsegula sukulu za nyimbo zachikhalidwe ku Kotel mu 1967 ndi ku Shiroka Laka mu 1971, komwe achinyamata amaphunzira ndi manotsi, ena n'kupitiriza maphunziro apamwamba ku Plovdiv. Sukuluzi zinatulutsa akatswiri enieni, koma pepala silingasunge tizokometsera tonse timene chala kapena kholingo limachita pakati pa mawu awiri, ndipo timeneti nditimene timasiyanitsa kaimbidwe ka kumapiri a Rhodope ndi ka kuchigwa cha Thrace. Manotsi agwiritseni ntchito monga chokumbutsa chabe, khutu ndilo liphunzitse.

FUNSO: Nthawi zambiri ndimaona nyimbo za ku Bulgaria zikutchulidwa pamodzi ndi za Aromani. Kodi ndi zimodzimodzi? Mayi wowerenga, Johannesburg.

YANKHO: Mayi, si zimodzimodzi, ngakhale kuti zakulira khomo limodzi. Aromani ndi mtundu wa anthu amene makolo awo anachokera ku India kalekale, ali ndi chilankhulo chawochawo, ndipo akhala m'mayiko a ku Balkan kwa zaka mazana ambiri. Ku Bulgaria mabanja ena a Aromani akhala akudya za luso loimba mibadwomibadwo, akulembedwa ganyu pa maukwati a Aromani anzawo, a anthu a Chibugariya ndi a Chituruki omwe, kotero kuti woimba mmodzi ankayenera kudziwa nyimbo za onsewa. Gule wotchuka wa Aromani ndi kyuchek, yemwe munthu amavina payekha osagwirana manja ndi wina.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kunatchuka kaimbidwe kotchedwa nyimbo za paukwati, komwe clarinet, saxophone, akodiyoni, gitala ndi ng'oma za bandi zinatenga magule akale aja n'kuwathamangitsa modabwitsa, woimba aliyense akupatsidwa mpata wopeka zake pomwepo. Wodziwika kwambiri ndi Ivo Papasov wa clarinet, wobadwira ku Kardzhali mu 1952, amene ankaimba ndi Yuri Yunakov wa saxophone. Boma lachikomyunizimu la Todor Zhivkov, lomwe mu 1984 ndi 1985 linakakamiza anthu a Chituruki kusintha mayina awo, silinafune nyimbo zimene linkaziona kuti si za Chibugariya chenicheni, choncho kyuchek analetsedwa ndipo oimba ena analipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu sanasiye kukopera matepi n'kumapatsirana, mpaka ulamulirowo unagwa mu 1989.

Kaphunzitsidwe kake n'kosiyana ndi ka ku Kotel. Mwana amaphunzira kwa bambo kapena amalume ake, amamvera nyimbo zojambulidwa mobwerezabwereza, kenaka amaima kumbuyo kwa bandi paukwati, akungothandizira, kufikira tsiku limene akuluakulu adzamulole kutsogolera kanthawi kochepa. N'chimodzimodzi ndi mmene mnyamata wa kwathu amaphunzirira ng'oma pabwalo, poyambira pa yaing'ono yosunga kugunda. Chimene chimandikhudza n'chakuti Aromani akusalidwabe kwambiri ku Bulgaria ndi m'mayiko oyandikana nawo, pomwe nyimbo zawo zikuomberedwa m'manja kunja. Pachifukwa chimenechi ndimaona kuti mphunzitsi aliyense wophunzitsa kyuchek ayenera kuuza ophunzira ake momveka kuti eni ake ndani ndiponso zimene anakumana nazo poteteza guleyu.

FUNSO: Kodi gulu lopanda zida za ku Bulgaria lingayambe n'chiyani? Wophunzira nyimbo, Mzuzu.

YANKHO: Lingayambe ndi mawu apakamwa. M'dera la Shope, pafupi ndi mzinda wa Sofia, amayi amaimba mogawana pawiri: ena amagwira liwu limodzi losasuntha, ena n'kumayendetsa nyimbo moyandikana nalo kwambiri, mpaka mawuwo amamveka ngati akukhulana. Agogo a m'mudzi wa Bistritsa, omwe bungwe la UNESCO linazindikira kaimbidwe kawo mu 2005, ndi chitsanzo chabwino choti mumvere. Chovuta n'chakuti khutu lozolowera kwaya limafuna kuthawira ku liwu lokoma, ndiye ogwira liwu losasuntha aimirire pamodzi, ayambe okha, ndipo anzawo alowe iwo atakhazikika. Pa zida, akodiyoni kapena kiyibodi ingatenge nyimbo, gitala n'kusunga kugunda m'malo mwa tambura, ndipo ng'oma yaikulu ya mbali ziwiri ingagwire ntchito ya tupan. Yambani ndi paidushko kapena rachenitsa mwapang'onopang'ono, ndipo kopanitsa muisiye kufikira gulu litatha kuvina ziwirizi popanda wowerengera.