Kodi mphunzitsi wa pulayimale angadzakhale DEM?

Mayi wina wa ku Dedza walemba kuti mwana wawo wamkazi wakhoza MSCE ndipo akufuna kupita ku koleji ya uphunzitsi (TTC), koma bambo ake akukana, ati uphunzitsi ulibe tsogolo. Mayiwa akufunsa ngati mphunzitsi wa pulayimale angadzafike poyang'anira sukulu zonse za pulayimale za m'boma ngati a DEM, komanso kuti akadzapuma pantchito adzadalira chiyani.

Mayi, msiyeni mwanayo apite. Akuluakulu ambiri amene amayendetsa maphunziro m'maboma anayambira m'kalasi, ndipo ine ndimawakhulupirira kwambiri amene anagwirapo choko. Koma muuzeni zoona, njira yake ndi yaitali. Maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale, otchedwa IPTE, amatenga zaka ziwiri, nthawi ina ku koleji monga ya Kasungu, Lilongwe kapena Machinga, nthawi ina akuphunzitsa pasukulu. Akamaliza, nthawi zina amadikira ndithu asanalembedwe ntchito. Akalembedwa amayambira pa giredi yoyambira ya PT4, ndipo kuti akwere amafunsidwa mafunso pakapezeka malo.

Apa ndi pomwe ambiri amatsalira. Satifiketi ya ku TTC yokha siimufikitsa munthu patali. Akangokhazikika pantchito, ayambe kuganiza za dipuloma kapena digiri ku Domasi, ku Nalikule, ku Mzuzu University kapena ku University of Malawi ku Zomba. Asadikire kuti ana akule kaye, chifukwa ana akamakula fizi nayo imakula.

Kuchoka pa uphunzitsi wamkulu, ena amakhala a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za m'zoni. Ntchito imeneyi ndi ya panjinga yamoto, m'fumbi ndi m'matope. PEA amafika pasukulu, n'kukhala pabenchi kumbuyo kwa Sitandade 1 momwe ana opitirira 100 akhala pansi, kenako n'kutsegula mabuku okonzekera phunziro a mphunzitsiyo kuona ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zomwe waona. Kuchulukana kumeneku kunakula mu 1994 pomwe pulayimale inakhala yaulere, ana oposa miliyoni imodzi n'kuwonjezekera nthawi imodzi, ndipo mpaka lero makalasi sanakwane.

Ofesi ya DEM, yomwe imagwira ntchito pansi pa khonsolo, anthu amaiona ngati ya galimoto ndi mpando wandalema. Zoona zake n'zakuti tsiku ndi tsiku pakhomo pamakhala mzere. Uyu akufuna kusamukira kutauni kutsatira banja, uyu malipiro ake sanatuluke, amfumu abwera kudzadandaula kuti denga la sukulu linasasuka ndi mphepo. Mutu waukulu sulewa nkhonya. Chovuta kwambiri ndi kugawa aphunzitsi, poti sukulu za pa boma zimadzaza pomwe za kumudzi, zopanda nyumba za aphunzitsi, zimatsala ndi anthu atatu kapena anayi. Amene anaphunzitsapo kumudzi amadziwa kuwawa kwake ndipo sasaina kalata yosamutsa munthu mwachisawawa.

Za kupuma. M'boma munthu amapuma akakwanitsa zaka 60. Mwana wanu adzalowa mu ndondomeko yosonkha, yomwe ogwira ntchito m'boma achinyamata anayamba mu 2017: iye amadulidwa 5 peresenti ya malipiro, olemba ntchito n'kuikapo 10 peresenti. Ndalama yake imatengera zomwe zasonkhedwa zaka zonsezo, choncho kukwera udindo msanga kumathandiza ngakhale paukalamba.

Chimene chimandipweteka ndi kuona munthu amene watumikira moyo wake wonse akuyendera penshoni miyezi yambiri chifukwa cha pepala limodzi losowa. Tsiku lomwe adzalandire kalata yolembedwa ntchito, mumugulire fayilo yolimba. Asungemo kalatayo, yotsimikizira kuti wakhazikika, zokwezedwa, zosamutsidwa ndi masilipi a malipiro, ndipo azijambulenso pafoni. Aonetsetse kuti tsiku lobadwa ndi kalembedwe ka dzina pa chiphaso cha unzika zikufanana ndi zomwe zili ku ofesi. Nyumba yakeyake ayambe kuumbira njerwa akadali ndi mphamvu, chifukwa ya pasukulu amatulukamo akangopuma.

Bambo akewo muwatengere ku TDC ya m'dera lanu, komwe kumakhala ofesi ya zoni, akacheze ndi a PEA, awafunse kuti anayamba chaka chanji ndipo anadutsa m'masukulu angati.