Yankho la amalume pa funso la mapu a magule

Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi ana omwe. Ndati funso la mphwangayu ndiliyankhe ndi mawu, polemba ndingachedwe. Iwe mphwanga, wati aphunzitsi akupatsani ntchito yojambula mapu osonyeza kwawo kwa magule a makolo, kenako mufotokoze chifukwa chomwe gule wa makolo amakhazikika dera limodzi pamene nyimbo zamakono zimangomveka paliponse. Ndiye wafunsa ngati ungatenge mapu a maboma 28 aja n'kupaka boma lililonse chekeni cha mtundu wake. Ayi, usatero. Mapu otero amaoneka okongola koma amanena bodza.

Malire a maboma anadulidwa pofuna kutolera msonkho ndi kuyendetsa ntchito za boma. Gule alibe nawo ntchito malirewo, ngakhale malire a dziko amene. Tenga gule wamkulu. Phata lake ndi kwa Achewa ku Lilongwe, Dedza, Dowa, Ntchisi, Mchinji, Kasungu ndi Salima, koma sathera pa Mchinji ayi. Ukalowa mu Zambia umupeza ku Katete ndi ku Chadiza, ku Mozambique umupeza m'chigawo cha Tete, ndipo Amang'anja a ku Chikwawa nawonso ali ndi nyau zawo. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, ku Katete, komwe Achewa a mayiko atatuwa amakumana pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti. A UNESCO pomuzindikira mu 2005 anamulemba kuti ndi wa mayiko onse atatu. Choncho poyamba penipeni, pepala lako lisadzaze ndi Malawi yekha. Usiye malo kumadzulo, kumwera ndi kumwera chakummawa, ujambuleko kummawa kwa Zambia, Tete, ndi mbali ya Milange ku Mozambique. Uikemo nyanja, mtsinje wa Shire, wa Zambezi, ndi msewu wa M1. Zimenezi uzazifuna kutsogoloku.

Tsopano tayang'ana mkati mwa boma limodzi, tinene Dedza. Muli Achewa, muli Angoni a kwa Kachindamoto ku Mtakataka, muli Ayao a kwa Tambala. Upakapo chekeni chanji pamenepo? Ngakhale pakati pa Achewa okhaokha, si mudzi uliwonse umatulutsa gule. Pamafunika mfumu ya mzinda, kutanthauza yomwe inapatsidwa bwalo la gule, pamafunikanso dambwe, malo obisika okonzekerako gule. Mudzi uno uli ndi mzinda, kutsidya kwa dambo ulibe, ndipo madera ozungulira mishoni ngati Nkhoma mpingo unalimbana ndi gule kwa zaka zambiri, moti midzi ina inatsamira ku tchalitchi. Ndiye mapu oona ndi a timadontho. Pomwe gule ali wochuluka timadontho tithithikane, kunka kumphepete tizitalikirana, ndipo pomwe magule awiri akumana timadontho ta mitundu iwiri tisakanikirane. Usajambule mzere wodula pakati pawo.

Funso loti bwanji amakhazikika, yankho lake lili pa zomwe guleyo amadalira. Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cha gule wamkulu, amalukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, ndiye n'zosadabwitsa kuti gule amachuluka anthu akakolola, m'chilimwe. Ng'oma zake, mbalule, mpanje, gunda, ndi mtengo wosema ndi chikopa, ndipo pabwalo uona anyamata akuziwamba pamoto wa udzu kuti chikopa chikungike, mwini mbalule akukonza phula pakati pake, akugogoda, akumvetsera, mpaka ilire momwe akufunira. Luso limenelo saligula m'sitolo, munthu amaliphunzira ataima pambali pa wamkulu. Komanso gule savinidwa chisawawa: pali maliro, pali chinamwali, pali kulonga ufumu. Kuti gule asamuke, pafunika pasamuke mfumu, anamkungwi, oimba ng'oma, amayi oomba m'manja ndi kuyankha nyimbo, onsewo. N'chimodzimodzi vimbuza kwa Atumbuka ku Rumphi ndi Mzimba, amene ndi gule wochiritsa, amafuna ng'anga ndi wodwala. Valimba, chida choimbira cha Asena ku Nsanje, imafuna mitengo yake ndi zikho zolendewera pansi. Pa chakudya zili chomwecho: kondowole ndi wa kunyanja, Nkhata Bay, Nkhotakota, Karonga, chifukwa dothi la mchenga ndi kutentha zimayanja chinangwa. Aphunzitsi akafuna chitsanzo chosakhala gule, upereke chimenecho.

Koma usalembe kuti gule wa makolo sayenda. Amayenda, kungoti amayenda ndi miyendo ya eni ake, ndipo apa ndi pofunika mivi pa mapu ako. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 kuchokera kumwera. Lero ingoma uipeza ku Mzimba kwa M'mbelwa, ku Ntcheu kwa Gomani komwe kuli Angoni a Maseko amene anabwera paulendo wawowawo, ku Mchinji, ndi ku Chipata kwa Mpezeni. Pa mapu zioneka ngati zilumba zotalikirana, pakati pake palibe. Kumeneko si kulakwitsa kwako, ndi momwe anthu anayendera n'kukhazikika. Ndipo taona chinthu china: Angoni a ku Ntcheu amayankhula Chichewa, a ku Mzimba ambiri Chitumbuka, koma chishango, chibonga ndi kuponda kwa ingoma zinatsala. Mapu a ziyankhulo ndi mapu a magule safanana, usakopere amodzi pa ena.

Tchopa naye muvi wake uchokere ku Mozambique. Alhomwe analowa mwaunyinji kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ambiri kudzagwira ntchito m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo, n'kukhazikikanso ku Phalombe ndi Chiradzulu. Muvi wina utuluke m'dziko: Achewa opita kumigodi ndi kumafamu a ku Zimbabwe anapita naye gule wamkulu, ndipo mpaka pano zidzukulu zawo zimavina kumeneko, kutali ndi Dedza.

Apa tsopano utchere khutu, chifukwa ndi pomwe pali mamalikisi. Beni, malipenga ndi mganda lero timati ndi magule a makolo, koma zaka zana zapitazo anali zamakono za nthawiyo, za anyamata otsogola. Beni anayambira kugombe la Aswahili, mbali za Mombasa ndi Lamu, m'zaka za m'ma 1890, potsanzira mabandi ndi perete wa asilikali. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali a Keyala, gulu lankhondo la atsamunda lija, ndi amtengatenga anabwera nazo kumudzi. Gwero limodzi, koma dera lililonse linaumba mwakemwake. Kwa Ayao, ku Mangochi, Machinga ndi Zomba, anakhala beni, wa mayunifolomu, mamendulo ndi wisulo. Kwa Atonga ku Nkhata Bay ndi kumpoto kunyanja anakhala malipenga: kabudula woyera, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo, kuponda mwaulemu mosathamanga, ndipo gulu lililonse limatchedwa boma, lili ndi kingi wake, kaputeni, dokotala. M'chigawo chapakati, ku Dowa, Ntchisi, Nkhotakota, Kasungu mpaka ku Zambia, anakhala mganda.

Uonenso chida chake. Malipenga a mkuwa anthu analibe, ndiye anatenga chikho chachitali, n'kuboola, n'kumata pabowo kanembanemba koyera kamene kangaude amakutira mazira ake. Woimba saliza mouzira ngati lipenga la msilikali, amaimbira mkati mwa chikhomo, kanembanemba n'kumanjenjemera, mawu n'kutuluka okhuthala. Kakang'ambika kapena kakanyowa, chikho chimangoti zii, moti ambiri masiku ano amamatapo kapulasitiki kopyapyala. Chinthu chochokera kutali chinalowa m'zipangizo za pamudzi, chinalowa m'nyengo za pamudzi monga Khirisimasi ndi Nyuwere, mabomawo n'kumayenderana kukapikisana, basi chinamera mizu. Ndiye poyankha usanene ngati pali khoma pakati pa za makolo ndi zamakono. Pa mapu, magule atatuwa uwapatse mtundu umodzi wa chekeni koma zizindikiro zosiyana, muvi umodzi uchokere kumpoto chakummawa n'kugawika patatu.

Zamakono zifuna mapu akeake. Usaunjike pa pepala lomwelo, zisokonekera. Ngati ungapeze pepala loonekera lija, uliike pamwamba pa mapu oyamba. Apa sujambula midzi, ujambula mizinda, misewu, ndi komwe kwafika magetsi ndi netiweki. Nyimbo yotuluka ku Blantyre lero, mawa yamveka ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 600, pamene mudzi wa kuseri kwa mapiri ku Neno, pafupi pomwepa, sinaufike. Imadumpha: mzinda waukulu, mzinda wina, kenako paboma, kenako patauni yaing'ono pamene pali msika, bala ndi shopu yoikira nyimbo m'mafoni, pomaliza kumudzi. Woimbayo sanasamuke, chayenda ndi nyimbo yokha. Zonyamulira zake zakhala zikusintha: MBC kuyambira 1964, makaseti, mawailesi ambiri amene anabwera pambuyo pa 1994, kanema wa dziko lino mu 1999, mamemori khadi, ma minibasi, lero WhatsApp, TikTok ndi YouTube. Chotchinga chake si mwambo ayi, ndi ndalama ya bandulo, foni, ndi potchajira.

Zamakononso zili ndi kwawo, anthu amangoiwala. Amapiano anayambira m'makomboni a ku Gauteng, Pretoria ndi Johannesburg. Rumba ndi ya ku Kinshasa, rege ndi ya ku Jamaica. Kwela ya timatoliro tachitsulo inatchuka ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, ndipo abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba, anaiphunzira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, n'kudzaizika ku Chileka. Gwero silikhala mzinda waukulu nthawi zonse. Balaka ndi tauni yaing'ono, koma Alleluya Band itayamba pa parishi ya Katolika kumeneko, kunabadwa kaimbidwe kamene kanadzaza dziko lonse m'zaka za m'ma 1990. Chinachititsa ndi zida zoimbira, situdiyo ndi makaseti, zinapezeka pamalo amodzi. Uikepo nyenyezi pa Balaka ndi pa Chileka. Uikenso kamuvi kobwerera, kochoka kumudzi kupita mumzinda, poti oimba amakono amatenga kagundidwe ka manganje a Chiyao kapena ka gule wamkulu n'kulowa nako mu situdiyo.

Msampha waukulu ndi kusokoneza pomwe gule wavinidwa ndi kwawo kwa guleyo. Ukaona pa kanema ingoma ikuvinidwa pa bwalo la masewero ku Blantyre pa 6 Julaye, sindiye kuti Blantyre ndi kwawo kwa ingoma. Nthawi ya Kamuzu magule ankanyamulidwa pa malole kupita kumisonkhano, sukulu nazo zimaphunzitsa magule a madera ena pokonzekera mipikisano. Amenewo ndi alendo, usawaikire kadontho. Kadontho uike pomwe gule amavinidwa pa mwambo wa eni mudzi, popanda wowaitanitsa. Mwa muyeso umenewu mizinda siikhala yopanda kanthu, chifukwa ku Lilongwe, madera ngati Chinsapo, gule amatuluka pa maliro enieni. M'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi Mchinji namo muli matenanti ochokera kumwera amene ali ndi magule akwawo. Malo a zikondwerero za mitundu uwapatse chizindikiro chapadera, kambendera: Kulamba ku Mkaika, Umthetho ku phiri la Hora ku Mzimba, Gonapamuhanya ku Bolero ku Rumphi, Mulhako wa Alhomwe ku Chonde ku Mulanje, Nc'wala ku Mtenguleni ku Chipata.

Kumpoto kwenikweni usakusiye koyera, ophunzira ambiri amathera pa Rumphi. Ku Chitipa kuli mwinoghe wa Asukwa, Andali ndi Abandya, amene a UNESCO anamulemba mu 2018. Tchopa anamulemba mu 2014, vimbuza anamuzindikira limodzi ndi gule wamkulu mu 2005. Zaka zimenezi uziike m'kabokosi kofotokoza zizindikiro. Usaiwalenso magule a amayi, chimtali ndi chisamba pakati, chioda ku Nkhotakota, utse kuchigwa cha Shire, chifukwa mapu ambiri amangodzaza ndi magule a abambo.

Ngati akufunanso kafukufuku wa pamudzi, ukapite kwa agogo ako ndi akuluakulu ena, aliyense umufunse mafunso omwewo: guleyu anabwera ndi yani ndipo kuchokera kuti, amavinidwa pa mwambo wanji ndi mwezi uti, zida zake zimapangidwa ndi chiyani ndipo zimapezeka kuti. Ufunse anthu osachepera atatu, osati a banja limodzi, poti aliyense amakokera kwawo. Za kudambwe usafunse, ndipo gule usamujambule ndi foni osapempha eni bwalo, zingakuvute ndipo ungachititse manyazi banja. Zomwe zili zololedwa kuona zili ku Mua, ku Dedza, ku nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare ya a Kungoni, komwe kuli za Achewa, Angoni ndi Ayao pamalo amodzi.

Uyambe ndi pensulo. Magule asapitirire khumi ndi awiri, akachuluka timadontho tisanduka phala. Ukamaliza ujambule pa foni utumize pagulu pano, ndione mivi ngati yaloza koyenera usanadetse ndi bolopeni.