Makina opumira usiku: tigule kakang'ono ka paulendo?

FUNSO: Zikomo bambo. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Lizulu. Amuna anga amayendetsa thiraki. Amatulukira pa boda ya Dedza, kudzera ku Tete mpaka ku Joni, ndipo ulendo umodzi umawatengera masabata awiri kapena atatu. Chaka chatha anawayeza ku Johannesburg n'kuwapeza ndi vuto lobanika kutulo, ndiye anagula makina a CPAP, aakulu aja okhala ndi kathanki ka madzi. Akakhala pakhomo amagona nawo bwinobwino, mkonono unatheratu, ngakhale BP inatsikako. Koma akamapita paulendo amawasiya. Akuti ndi chikatundu, komanso m'thiraki mulibe soketi ya magetsi a m'nyumba. Amabwera maso ali psu, mpaka kuwodzera mbamu ya nsima ili m'manja. Ndamva kuti kuli timakina tating'ono ta paulendo. Ndagulitsa kachewere wanga ndipo ndasunga kangachepe. Tigule kati? — Mayi a ku Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Mayi, ndalama ya kachewereyo muyambe mwaimanga kaye pa mpango. Ndikuuzani za timakinato, koma ndikuganiza kuti chimene bambo akusowa ndi chingwe, osati makina ena.

Kalata yanu yandikhudza chifukwa inenso ndimagona ndi makina otere. Amene anatulukira vuto langa ndi mayi a kunyumba kwanga. Ankakhala tsonga pakati pa usiku, kumvetsera mkonono ukuduka mwadzidzidzi, chifuwa changa chikukoka koma mpweya osalowa, iwo n'kumawerenga chamumtima mpaka ine nditadzidzimuka ngati munthu wovuuka m'madzi. M'mawa ndinkakana kuti sindinadzuke ngakhale kamodzi. Chimachitika ndi ichi: munthu akagona, minofu ya pakhosi imalefuka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka. Kupuma kukaima masekondi 10 kapena kuposa, madokotala amawerenga kuti kamodzi. Zikamachitika ka 5 mpaka 15 pa ola, vutolo ndi laling'ono. Ka 15 mpaka 30 ndi lapakati. Kupitirira 30 ndi lalikulu. Munthu wa 30 pa ola akagona maola 7, ndiye kuti wabanika ka 210 usiku umodzi, ndipo nthawi iliyonse mtima umathamanga ngati wathamangitsidwa ndi galu. Makina a CPAP, amene dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, anawafotokoza koyamba mu 1981, amangopopera mpweya wa m'chipinda momwemo kuti khosi likhale lotseguka. Sachiza. Usiku umene munthu wawasiya, kubanika kumabwerera. Ndiye bambo amene akutsika mapiri a ku Angónia ndi katundu wa matani 30 kumbuyo, atagona masiku khumi opanda makina, akuika pachiswe moyo wawo ndi wa aliyense amene akumana naye pamsewu. Muwauze mawu amenewa ndendende, muwauze kuti achokera kwa mnzawo wa matenda omwewo wa ku Dedza.

Tsopano za chikatunducho. Makina aakulu odziwika kwambiri, monga AirSense 10 a kampani ya ResMed, amalemera kilogalamu imodzi ndi kachidutswa, kuposa pang'ono paketi ya shuga. Chikwama chake chimakwana pansi pa bedi la m'thiraki. Munthu woyenda pa basi kapena pa kabaza akadandaula za kulemera ndingamumvere, koma dalaivala wa thiraki malo ali nawo. Vuto lenileni ndi lachiwiri lija, la soketi.

Tembenuzani makinawo muone chizindikiro cha pansi pake, mulembe dzina ndi nambala yake. Makampani ambiri amapanga chingwe chapadera cholumikizira makina awo ku soketi yozungulira ya m'galimoto, ija yoyatsira fodya imene madalaivala amatchajira foni. Cha ResMed chimalandira 12V ya galimoto yaing'ono komanso 24V ya thiraki. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa makina atsopano, ndipo bambo angachifunse ku Johannesburg komwe anagula makinawo. Pasapezeke wa magetsi wa pagalaja wonena kuti poti makinawo ndi a 24V ndipo thiraki ndi ya 24V, angolumikiza mawaya ku batire. Injini ikamalira, mphamvu ya m'thiraki imakwera kufika cha m'ma 28V ndipo imadumphadumpha. Chingwe cha kampanicho chili ndi kabokosi kosalaza mphamvuyo. Bambo ayesenso soketi yawo masana: m'magalimoto ena imazima akangochotsa kiyi.

Akamagona paulendo, azizimitsa chotenthetsa madzi a m'kathanki kaja, amene amapatsa mpweya chinyezi. Chimenechi ndiye chimameza magetsi. Chopopera mpweya pachokha chimadya zochepa kwambiri, moti mabatire a thiraki sangafooke nazo usiku umodzi. Ndipo asananyamuke m'mawa azikhuthula kathankiko. Madzi akakhuvukira mkati pa mabampu, makina atha.

Za inveta, kabokosi kosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ndinaphunzira mowawa. Chaka china magetsi atavuta kwambiri, ndinagula inveta yotchipa pamsika kuti ndizilumikiza ku batire la sola. Usiku woyamba chaja ya makina inayamba kulira ngati njuchi, inatentha moti sindinkatha kuigwira, ndipo batire linatha tambala woyamba asanalire. Inveta zotchipazi zimatulutsa magetsi okhakhala, ndipo mphamvu yambiri imatayika posandutsa 12V kukhala 230V, kenako chaja n'kuitsitsanso. Kuyambira pamenepo ndimalumikiza makina ku batire ndi chingwe cha kampani, ndipo magetsi akazima usiku sindidziwa n'komwe.

Komabe mwafunsa za tating'ono, ndipo pali nthawi imene timathandizadi. Ine kanga ndimakatenga ndikamapita kumaliro kumudzi, kumene ndimagona masiku awiri kapena atatu pamkeka m'nyumba yopanda magetsi, kapena ndikamakwera basi ya ku Blantyre ndi kachikwama kamodzi. Todziwika ndi AirMini ka ResMed, kamene kanatuluka mu 2017 ndipo kamalemera magalamu 300, Z2 ka kampani ya Breas kolemera chimodzimodzi, ndi Transcend Micro kopepuka kuposa tiwiri tonseti. Tonse timakwana m'dzanja ndipo timapopa mphamvu yofanana ndi makina aakulu, kuyambira pa 4 mpaka pa 20 pa muyezo wa madokotala. Musaganize kuti kuchepa kwake ndi kutchipa. Nthawi zambiri mtengo wake umalingana ndi wa aakulu, mwinanso kuposa, ndipo batire amagulitsa padera.

Mukasankha kugula, funso loyamba kwa wogulitsa likhale la masiki, chovala kumphuno chija cholumikizidwa ku payipi ya makina. Bambo anazolowera kale masiki imene ikuwakhala bwino pankhope, ndipo kupeza masiki yotero ndi theka la nkhondo yonse. Ine ndinasintha katatu ndisanapeze yosatulutsa mpweya m'maso. AirMini kamangolola mamasiki ochepa a kampani yake yomweyo, ndi payipi yakeyake yopyapyala. Z2 ndi Transcend timalola masiki wamba. Ngati masiki ya bambo siili m'gulu la AirMini, ndiye kuti mugulanso ina, ndipo ikang'ambika ali ku Tete sakaipeza. Komanso AirMini kalibe galasi lowerengera; zonse mumazionera pa foni kudzera pa Bluetooth. Kwa munthu amene foni yake imakhala yothima theka la ulendo, zimenezi n'zoyenera kuziganizira.

Timakinati tilibe thanki ya madzi. M'malo mwake pamakhala kachidutswa konga siponji pafupi ndi masiki, kamene kamagwira chinyezi cha mpweya umene munthu watulutsa n'kumubwezera akamakoka. Ka AirMini amakatcha HumidX ndipo kamafunika kusintha pakatha masiku 30 chitsegulireni. Kamathandiza, koma sikafika pa madzi otenthetsa. Kuno ku Dedza, kumene tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mu June ndi July mpweya umakhala wozizira ndi wouma moti ndikagona ndi kakang'onoko ndimadzuka mphuno zikuwawa ngati ndanunkhiza tsabola. N'chifukwa chake pakhomo sindisiya aakulu. Phokoso nalo ndi lokulirapo, ndipo limamvekera m'payipi pafupi ndi khutu. Usiku woyamba kapena wachiwiri limasowetsa mtendere, kenako khutu limazolowera. Za kukwera kwa malo musade nkhawa: makina a masiku ano amadzisintha okha mpaka mamita oposa 2,400, pamene nsonga ya phiri la Dedza ili pa 2,198. Kuchoka kuno kutsikira m'chigwa cha Zambezi tsiku limodzi sikuwasokoneza.

Wogulitsa ayenera kuona pepala la dokotala, ndipo kamakina katsopano akatchere pa nambala zomwezo zimene zili pa aakulu. Amene akufuna kukugulitsani osafunsa pepalalo, mutsanzikeni. Ndikanakonda mutasankha kamene kamadzisinthira mphamvu kokha usiku, kolembedwa kuti Auto, chifukwa munthu wa paulendo sagona mofanana: lero chagada, mawa chammbali, tsiku lina atatopa kwambiri.

Chenjerani ndi za kaunjika. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda makina ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake mamiliyoni ambiri, kuphatikizapo kakang'ono kotchedwa DreamStation Go, chifukwa siponji yochepetsa phokoso mkati mwake inkanyenyeka ndipo tizidutswa tinkatha kulowa m'mapapo. Ena mwa makina amenewo sanabwezedwe, ndipo ndi otere amene amatsikira kwa ife pamtengo wokoma. Makina alionse akale ali ndi malo oonetsa maola amene agwira ntchito, wogulitsa akuonetseni. Masiki ndi payipi za munthu wina musagule, ngakhale atazitsuka bwanji.

Tinthu tiwiri tating'ono timene anthu amaiwala. Pulagi yathu ya mano atatu amakona siilowa m'soketi za ku Mozambique kapena ku South Africa, ndiye ngati bambo amagona m'nyumba za alendo, adaputa izikhala m'chikwama cha makina momwemo. Ndipo sefa. Ndi kansalu koyera kakang'ono kosefa fumbi, kumbuyo kapena m'mbali mwa makina. Buku la makina limati kakhoza kutha miyezi ingapo, koma bukulo silinalembedwere fumbi la October la pa boda, mathiraki atandanda masiku awiri. Kanga ndikakachotsa mwezi umenewo kamakhala kofiira ngati dothi la pachulu. Muwaikire tiwiri kapena titatu tapadera.

Ndiye ndikanakhala inu, ndikanagula chingwe, adaputa ndi tisefa, n'kuwapatsa bambo makina omwe ali nawowo ulendo ukubwerawu. Akabwera mudzaone pa galasi la makinawo. Amalemba maola amene munthu wagona nawo usiku uliwonse, ndipo salemba mokondera. Akadzayenda nawo maulendo awiri atatu n'kunena kuti akuvutikabe, mudzandilemberenso dzina la masiki yawo, tidzasankhe kakang'ono koyenerana nayo. Mowa wa madzulo pa malo oimikapo mathiraki, ndi mapiritsi ogonetsa, zonsezi zimalefula khosi kwambiri; inu mukudziwa mmene mungawauzire.

FUNSO: Achimwene anga anamwalira n'kusiya makina a CPAP. Amayi athu amabanika usiku, makamaka nyengo yozizira ino, ndipo miyendo yawo ikutupa. Kodi tingawaveke makinawa kuti azilandira okosijeni? — Mphunzitsi, Linthipe

YANKHO: Pepani ndi maliro, aphunzitsi. Koma ayi, musawaveke. Makinawa sapanga okosijeni. Anthu ambiri amasokoneza chifukwa anamva za CPAP ya ana obadwa masiku osakwana, monga Pumani imene inapangidwa mogwirizana ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi yunivesite ya Rice ya ku America. Imene ija kuchipatala amailumikiza ku makina ena a okosijeni, ndipo anamwino amakhala akuyang'anira. Ya achimwene anuyo inatcheredwa molingana ndi khosi lawo. Kubanika pogona pamodzi ndi kutupa miyendo kwa munthu wachikulire kumaloza ku mtima kapena impso, ndipo zimenezo zimafuna kupimidwa ndi mankhwala. Apititseni amayi ku chipatala cha boma ku Dedza sabata ino, musadikire kuti mwezi uthe. Akaona kuti n'zofunika akawatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mwatchula za kuzizira, ndiye ndifunse: kodi amayi amagona ndi mbaula m'chipinda? Makala akamanyeka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo sefa ya CPAP siingautchinge. Makinawo angoukoka n'kuupopera m'mphuno. Mbaula izituluka panja anthu asanagone, muwaonjezere bulangete, ndipo usiku uno muwatsamiritse pa mapilo awiri kapena atatu kuti chifuwa chikhale chokwera mpaka mutafika nawo kuchipatala.