Mafunso Anu: Kodi Mota-Engil Ndi ya Ndani?

Funso

Akonzi, ine ndimakhala ku Balaka, kufupi ndi ku Nkaya. Chikulireni changa ndakhala ndikuona magalimoto ndi makina olembedwa kuti Mota-Engil. Anzanga ena amati kampaniyi ndi ya boma la Portugal, ena amati ndi ya Atchaina. Zoona zake ndi ziti? Ndikufunsa chifukwa bambo anga ali ndi kakampani komanga midadada ya sukulu ndi makalavati, ndipo akufuna kuti ine ndi mchemwali wanga tidzakayendetse. Amalume akuti tisataye nthawi, kampani ya banja imapita kumanda pamodzi ndi mwini wake.

Wowerenga wa ku Balaka

Yankho

Achimwene, anzanuwo onse aphonya, ngakhale a Atchainawo ayandikirako pang'ono. Mota ndi dzina la munthu. Manuel António da Mota anabadwa mu 1913 kumpoto kwa Portugal, ndipo mu June 1946 anatsegula kampani yotchedwa Mota & Companhia m'tauni ya Amarante. Chodabwitsa n'choti ntchito yeniyeni sanaiyambire kwawo. Chaka chomwecho anatsegula nthambi ku Angola, dziko lomwe nthawiyo linali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ntchito za kampaniyi zinali kumeneko. Poyamba sinkamanga n'komwe. Inkadula mitengo ndi kucheka matabwa kudera la Cabinda. Zomangamanga inazilowa mu 1948, ndipo mu 1952 inapatsidwa ntchito pa bwalo la ndege la Luanda, yomwe inaitchukitsa.

Apa ndinene poyera kuti mwayi umenewu unali wa nthawi ya atsamunda. Mzungu wa ku Portugal ankapeza ntchito za boma, ngongole ndi malo zimene mwana wa ku Angola sakanazilota. Choncho musayerekeze chiyambi cha Mota ndi cha bambo anu n'kuyamba kuwaona ngati aulesi.

Zinthu zinatembenuka pa 25 April 1974, asilikali atagwetsa boma ku Lisbon. Angola inalandira ufulu pa 11 November 1975, nkhondo yapachiweniweni inabuka, ndipo Apwitikizi ambirimbiri anathawa kusiya nyumba, mashopu ndi makina. Banja la Mota silinatseke ku Angola, koma linaona kuti kudalira dziko limodzi n'kuika moyo pachiswe, ndipo mu 1976 linayamba kugwira ntchito ku Portugal. Taganizani, kampani ya zaka 30 kukayamba kupikisana kwawo ngati mlendo. Mu 1987 inayamba kugulitsa masheya kwa anthu akunja kwa banja. M'ma 1990 inali m'gulu la makampani omwe anamanga mlatho wa Vasco da Gama pamtsinje wa Tejo ku Lisbon, womwe unatsegulidwa mu 1998.

Tsopano tifike pa mawu a amalume. Manuel António da Mota anamwalira mu 1995, kampani siinafe. Mwana wake António Mota anali ataphunzira uinjiniya wa misewu ndi milatho, ndipo anali atagwira kale ntchito m'kampanimo zaka zambiri bambo ake ali moyo. Alongo ake atatu, Maria Manuela, Maria Teresa ndi Maria Paula, nawonso anali ndi gawo lawo komanso mipando mu bodi. Ana anayiwa sanagawane magiredala ndi malole kuti aliyense aone kolowera. Masheya awo anawasunga pamodzi m'kampani imodzi ya banja, ndipo mu 1999 anagwiritsa mphamvu imeneyo pogula Engil, kampani ina yomanga yomwe inayamba mu 1952 ku Lisbon. Ziwirizi zinaphatikizana mu 2000, n'chifukwa chake dzinali lili pawiri. Mu 2023 utsogoleri unapita kwa mdzukulu wa Manuel António da Mota, Carlos Mota Santos.

Za Atchaina zachokera apa: mu 2021 kampani ya boma la China yotchedwa China Communications Construction Company inagula pafupifupi 32 peresenti ya masheya. Banja linatsala ndi pafupifupi 40 peresenti, ndiye kuti likadali mwini wamkulu, ngakhale siliri lokha. Ine ndimaona kuti kuvomera kugawana phindu ndi alendo kuti upeze ndalama zokulitsira ntchito, koma osataya chiwongolero, ndi chinthu chimene mabanja ambiri kwathu kuno amachiopa mopitirira muyeso.

Kuno ku Malawi kampaniyi inafika mu 1990. Ntchito yomwe inu a ku Nkaya mumaidziwa bwino ndi njanji ya malasha yomwe inamangitsidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, yochokera ku Moatize m'dziko la Mozambique kupita ku doko la Nacala. Chigawo chatsopano, cha makilomita oposa 130, chinamangidwa pakati pa 2012 ndi 2014 kuchokera kumalire a Mozambique m'boma la Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kudzalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya. Mukadzapeza mpata kayimeni pamalo pomwe njanjiyo yadutsa pachigwa. Sitima yolemera siikwera chitunda ngati minibasi, choncho pomwe pali phiri anang'amba thanthwe, pomwe pali dambo anathira dothi. Dothilo salikhuthula nthawi imodzi. Amayala lochepa, bauza n'kuwaza madzi, rola n'kupsinja, wa ku labu n'kubwera kudzayeza ngati lalimba, kenako n'kuyala lina pamwamba. Likalephera mayeso amalifukula n'kuyambiranso. Pansi pake pamakhala makalavati omwe anawerengera kuchuluka kwa madzi a mvula asanaumbe. Luso limenelo ndi lomwelo limene likufunika pa kalavati wa bambo anu, kusiyana kwake ndi kukula basi.

Ambiri amadandaula kuti ntchito zikuluzikulu zimapita kwa akunja pomwe makontilakitala athu amangotola zotsalira. Dandaulo limenelo ndimaligwirizana nalo, makamaka pa nkhani yochedwa kulipira, yomwe imapha wamng'ono msanga kuposa wamkulu. Koma zimene amalume akunenazo zili ndi gwero lina, ndipo n'zam'nyumba. Makampani athu ambiri ndi dzina chabe lolembetsa bizinesi, kutanthauza kuti pamaso pa lamulo kampaniyo ndi munthuyo ndi chinthu chimodzi. Akaunti ya ku banki ili m'dzina lake, lole ili m'dzina lake, ndalama ya simenti ndi ya fizi zikutuluka m'thumba limodzi. Akamwalira, banki imatseka akaunti, ntchito imaima pakati, ndipo achibale amayamba kukangana za mikisala maliro asanathe.

Choyamba, afunseni bambo anu mwaulemu ngati kampaniyo inalembetsedwa ngati limited pansi pa Companies Act ya 2013. Ikakhala limited imakhala munthu payokha pamaso pa lamulo, ndipo chimene chimagawidwa mwini akamwalira ndi masheya, makina amakhalabe a kampani. Alembenso wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, komanso limaletsa kulanda chuma, koma wilo yomveka bwino imakupulumutsani ku zaka zoyenda kukhoti pomwe satifiketi yololeza kampani kugwira ntchito zomangamanga ikutha ntchito.

Chachiwiri n'cha inu eni. Musadikire kuti mudzalowe muofesi tsiku lomwe bambo adzatope. Pitani ku saiti panopa, muphunzire kuwerenga pulani, kuyeza levulo ndi kuwerengera mtengo wa ntchito musanapereke tenda. Amisiri salemekeza mwana wa bwana amene sadziwa kuti konkire wachuluka madzi. Mmodzi wa inu achite maphunziro a uinjiniya, kaya ku MUBAS kaya ku koleji ya ntchito zamanja, winayo agwire za mabuku a ndalama. Ndipo musangoganiza kuti wa ku saiti ndinu chifukwa ndinu mwamuna. Mufunseni mchemwali wanuyo kuti iye akufuna mbali iti.