Amalume, si kunyada ayi

Amalume, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga mwaika pagulupu uja, woti chiyambireni ntchito mtauni muno ndasowa, foni sindiyankha, kodi ndayamba kunyada. Ndaona kuti nawo azakhali aikapo chala chovomereza, ndiye kuti mlanduwu munaukamba kale kuseri, hahaha. Kulemba sindingathe, ndaima pamzere wa minibasi, ndiye ndingolankhula. Phokoso mukumvalo ndi la pasiteji, mundikhululukire.

Ndiyambe ndi kupepesa. Mwezi wathawu munaimba katatu, ndipo katatu konseko ndinaona. Sindikunamizani kuti foni inali pa tchaji kapena kuti netiweki inavuta. Ndinaona dzina lanu, n'kuisiya ikulira mpaka inaduka yokha. Chifukwa chake ndinena, koma mundilole ndidzere kaye ku mmene tsiku langa limayendera.

Ndimadzuka 4:30 m'mawa. Sikuti ndine wakhama kwambiri ayi, kungoti kumene ndikukhalaku madzi amakonda kubwera usiku, ukagonereza wapeza mpopi wauma. Ikamati 5:30 ndili kale pamsewu, ntchito timayamba 7:30. Mtunda wake si wautali, Lamlungu msewu uli mbee ndi ulendo wa mphindi 30 basi. Koma tsiku la ntchito ndi maola awiri. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ikadzaza mukalowa mu mdipiti wa magalimoto, mwina kondakitala n'kukutsitsani panjira kuti tathera pompa, kwerani ina. Madzulo chimodzimodzi. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuwerengera. Maola 4 patsiku, masiku 5, ndi maola 20 pa sabata. Pa masabata 48 amene ndimagwira pachaka akukwana maola 960. Mukagawa ndi 24, amenewo ndi masiku 40 athunthu, usana ndi usiku, ndili m'galimoto, chikwama pamiyendo, bondo la munthu wosamudziwa likundibaya kumsana. Masiku 40, amalume! Tchuthi changa cha pachaka sichiyandikirako n'komwe.

Inu paja munagwirapo ntchito, mumadziwa zoti munthu agwire maola 8 patsiku. Zimenezo mayiko anagwirizana kalekale, mu 1919, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO litangoyamba kumene, kuti akhale maola 8 patsiku, 48 pa sabata. Koma maola amenewo ndi a pantchito pokha, msewu mulibemo, ndipo nthawi imeneyo kunalibe foni yotsatira munthu mpaka kuchipinda. Ine papepala ndimaweruka 5 koloko. Bwana wathu, munthu wabwino ndithu sindikumudyera miseche, ali ndi chizolowezi choitanitsa miting'i ikamati 4:45. Mukatulukamo kwada, mzere wa pasiteji wafika uko. Ukafika kunyumba, wangovula nsapato, WhatsApp ija mbwee, lipoti ndilipeze pa tebulo m'mawa. Ndipo aona kuti wawerenga, timizere tija tasanduka ta buluu, ungathawire kuti?

Chaka chatha mnzanga wa desiki yoyandikana nayo anagwa muofesi momwemo. Munthu wa zaka zosafika 45. BP inakwera, mwamwayi tinathamanga naye kuchipatala msanga, pano ali bwino koma dzanja lamanzere silinabwerere mwakale. Zitachitika zimenezo m'pamene ndinayamba kufufuza. WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, pamodzi ndi ILO anatulutsa kafukufuku mu 2021, akuti munthu wogwira maola 55 kapena kuposa pa sabata, chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti kuyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Akuti mu 2016 mokha anthu 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa cha maola ochulukawa. Ine nditawonkhetsa a muofesi, a usiku pa foni, ndi ma Loweruka amene amatiitana, ndinapeza kuti ndikumayandikira pomwepo. Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7. Ine ndikagona 5 ndimati lero ndalemera.

Dikirani pang'ono, ndisunthe, akundiponda apa... Eya.

Ndiye tibwere pa za foni ija. Kutopa n'koona, koma ndikanena kuti ndi kutopa kokha ndikhala ndakunamizani. Nkhani ndi ndalama, amalume, ndiponso manyazi.

Malipiro anga amene munamva aja, amene ndinakuuzani ndikusangalala tsiku ndinasaina kalata, si amene amalowa mu akaunti. Asanandifike, msonkho wadulapo, penshoni yadulapo, kangongole ka kuntchito kadulapo. Zotsalazo lendi imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo eni nyumba salakwitsa tsiku, pa 1 ali pakhomo kudzandifunsa ngati ndagona bwino. Kenako thiransipoti ya mwezi wonse ndimaipatula padera mu envelopu, chifukwa ikatha imeneyo ntchitonso yatha. Magetsi, madzi, data. Fizi ya mphwanga. Mankhwala a amayi mwezi ndi mwezi. Likamafika tsiku la 5 la mwezi, ndalama ija yangodutsa ngati mlendo, ine ndangoiperekeza. Masiku otsalawo ndimangoyenda ndi masamu m'mutu. Mtauni palibe chaulere. Ngakhale utati lero sindituluka, ndingogona, nyumba ukugonamoyo mita ikuwerenga.

Nthawi imene amayi anagonekedwa ija, ndalama ndinatumiza zija ambiri munandiyamikira pagulu pano, munati mwana uyu ndi wodalitsika. Sindinanene kuti zinali za katapila. Munthu uja anati pakutha pa mwezi ubweze ndi theka pamwamba. Mwezi utatha ndinangokwanitsa theka lapamwambalo, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Mwezi wina chimodzimodzi. Zinanditengera miyezi 4 kuti nditulukemo, ndipo nditawerengera ndinapeza kuti ndabweza katatu ndalama ndinatenga. Miyezi 4 imeneyo ndinkatsika minibasi yoyamba, yachiwiri osakwera, kumalizitsa wapansi, nsapato za kuofesi zili m'chikwama. Sindikunena kuti mundimvere chisoni, amayi ndi amayi anga, ndikanachitanso. Ndikungofuna mudziwe chimene chinali kuseri kwa zikomo uja.

Kuchokera nthawi imeneyo, foni ikalira n'kuona dzina la wachibale, mtima umangoti phaa. M'mutu mumabwera ziwiri zokha, kaya ndi matenda, kaya ndi pempho. Ndipo mawu oti ndilibe amandilemera pakamwa. Ndinene bwanji kuti ndilibe kwa munthu amene waona chithunzi changa pa Facebook ndili mu jekete, kumbuyo kuli nyumba ya magalasi? Jekete imeneyo ndi imodzi yomweyo, amalume, ndimangosintha bulauzi. Nyumba ya magalasiyo ndimalowamo ndi khadi, akandichotsa ntchito mawa alonda sandidziwanso. Ndiye m'malo monena zoona, ndimasiya foni ikulira, n'kumadziuza kuti ndiimba ndikalandira. Ndikalandira, masiku atatu zatha, ndiyambenso kudikira mwezi wina. Umo ndi mmene munthu amasowera osapita kulikonse.

Chimene chandipweteka, Lachiwiri ndinalankhula ndi amayi, akundiuza kuti amalume ako ankaimba kuti amve ngati chifuwa chija chinatha. Basi, zokhazo. Ndinakhala pa bedi nthawi yaitali ndithu osadziwa chochita. Inu mukufunsa za moyo wanga, ine ndikukuthawani ngati wa katapila.

Musaganize kuti ndikudandaula kuti ndinapeza ntchito. Ndani anganene zimenezo pamaso panu, inu amene munkandiperekeza kukasiya makalata zaka ziwiri ndili lova? Walira mvula walira matope, ndikudziwa. Ndipo zokoma zilipo. Ntchito yeniyeniyo ndimaikonda, ikatuluka bwino ndimayenda mosiyana. Kiyi wa chitseko ndi wanga, palibe wondifunsa kuti unali kuti. Kungoti nthawi zina kusafunsidwa komweko kumawawa. Ndakhala pa nyumba imeneyi zaka ziwiri, woyandikana naye khoma ndimamudziwa kutsokomola kwake ndi nthawi imene alamu yake imalira, dzina lake sindilidziwa. Si munthu woipa, nayenso amatuluka kusanache n'kubwera kutada. Chifuwa chija chitandigwira ndinagona masiku atatu, amene anandifunafuna anali a kuofesi, kufunsa pasiwedi ya kompyuta.

Aphwanga ndi asuweni amene mukumvera nawo apa, amene mumati achemwali titengeni tidzafune ntchito, sindikukuletsani. Bwerani, koma mudzafunse kaye zinthu ziwiri musanavomere ntchito iliyonse: zotsala m'manja akadula zonse ndi zingati, ndipo kuchokera kumene udzagone kukafika kumeneko ndi maola angati. Ine sindinafunse chilichonse mwa ziwirizi, ndinangomva kuti mwalembedwa n'kuyamba kuvina.

Ndiye amalume, ndili ndi pempho, inunso lero mupemphedweko, hahaha. Mukafuna kuimba, muzingolemba kaye kuti ndi moni chabe, mtima uzikhala m'malo. Ikakhala nkhani ya thandizo, muzinena mosapsatira, ndipo ine ndikati mwezi uno ndilibe, muzindikhulupirira, musamakaiike pagulu. Ine mbali yanga ndasiya kubisala. Lamlungu lililonse 3 koloko masana ndikhala ndachapa, ndasita, foni ili m'manja. Lamlungu likubwerali ndiimba ndine, ndipo mukapanda kuyankha ndidzaika pagulu pano kuti amalume ayamba kunyada.

Chifuwa chinatha, zikomo. Kwangotsala kakukhosi m'mawa, fumbi la pamsewuli.

Eee, yafika, ndipo anthu ayamba kale kukankhana ngati mzere panalibe. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti chala chawo chija ndachiona. Ndithamange, ndingatsale.