Funsani Aphunzitsi: Atengereni ku Mlatho

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ndangoyamba kumene kuphunzitsa jogalafe pa yunivesite ina muno mu Tete, ndipo andipatsa phunziro la kukula kwa mizinda ndi kusintha kwa zinthu padziko lapansi. Mabuku amene ndili nawo amangonena za São Paulo, Lagos ndi Shanghai. Ophunzira anga, ambiri ochokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, amaloweza n'kukhoza mayeso, koma kuwafunsa chimene chinakweza lendi ku Matundo, dera la mumzinda muno, amangoti kukamwa yasa. Nditani? (Mphunzitsi wachinyamata, Chingodzi)

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, bukulo liyambe lapuma kwa masabata awiri. Lawirirani nawo m'mamawa ku mlatho wa Samora Machel, dzuwa la Tete lisanayambe ukali wake, aliyense ndi kope m'manja. Awerenge zodutsa: machapa (maminibasi), njinga zamoto, njinga zolemedwa ndi matumba a makala, magalimoto a mbatata ya kachewere yochokera kwawo komwe ku Angónia. Wina wochenjera adzafunsa kumene malole akuluakulu anapita. Musamuyankhe. Apite yekha akawapeze pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, ndipo adziwerengere nambala za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Mukabwerera m'kalasi, lembani manambala awiri okha pa bolodi. Pa kalembera wa 2007 mzinda wa Tete unali ndi anthu pafupifupi 155,000. Pa wa 2017 anali atapitirira 300,000. Anachokera kuti anthu onsewa m'zaka khumi? Onse adzayankha kuti malasha, ndipo sakunama: kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011. Koma musawasiye pamenepo, chifukwa nkhani imakoma kutsogoloku.

Ine m'zaka zimenezo ndinali ndi mnansi amene anatuluka m'nyumba mwake, iye, mayi ndi ana asanu, kukapanikizana m'kachipinda kakuseri, kuti nyumba yaikuluyo achititse lendi kwa anthu a ku mgodi. Anagula galimoto, anayambanso kumanga nyumba ina. Mitengo ya malasha itagwa pa msika wa dziko lonse, alendo aja analongedza, ndipo chikwangwani cha "Aluga-se" (nyumba ya lendi) chinakhala pa geti mpaka utoto kusuluka. Nyumba yachiwiri ija inathera pa mawindo. Bamboyu sanapondeko ku China kapena ku India, koma ng'anjo zosungunulira zitsulo za kumeneko n'zimene zinkalamula ndiwo za pakhomo pake. Makampani akuluakulu nawonso anapsa zala: Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, mwini mgodi wa Benga, pa ndalama zoposa madola 3 biliyoni mu 2011, n'kudzagulitsa migodi yake ya kuno pa madola 50 miliyoni okha mu 2014. Vale nayo inagulitsa mgodi wake kwa kampani ya Vulcan mu 2022.

Gulu lina litumizeni ku Cateme, kumene anasamutsira mabanja ochokera m'malo a mgodi. Akafunse akuluakulu kutalika kwa ulendo wa ku msika ndi mmene nthaka ya minda yatsopanoyo ilili. Lina lipite ku mtsinje wa Revúbuè, kumene namondwe Ana anagwetsa mlatho mu Januwale 2022. Akaone amene akumangabe m'mbali mwa madzi, akawafunse chifukwa chake. Ndikhulupirira adzamva za mtengo wa puloti kumtunda, osati umbuli ayi.

Akatero, tsegulani buku lija. Lagos adzamumva msanga, popeza adzakhala ndi chomuyerekezera.

Chinthu chimodzi chokha: musalowe m'dera la eni ndi gulu la achinyamata onyamula makope musanalonjere a sekeretale a bairro (deralo) kapena a mfumu. Ine ndinachitapo zimenezo kamodzi, ndipo m'mawa wonse unathera pansi pa mtengo wa masau, ndikufotokoza kuti sitinabwere kudzayeza malo oti tilande.